Malipiro ndi mapointi: ligi ya 2023/24 monga inaonekera ku Mukobeko

Ligi yaikulu ya mpira wa miyendo m'dziko la Zambia ya chaka cha 2023/24 inasiyira mzinda wa Kabwe nkhani ziwiri. Timu ya Kabwe Warriors inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha ABSA, koma kumeneko inagonja kwa Red Arrows ya ku Lusaka ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Timu ina ya mumzinda womwewu, Prison Leopards, inamaliza mpikisano ili pakati pa matimu anayi akumunsi, ndipo nkhwangwa inaigwera.

Red Arrows, yomwe inatenganso ukatswiri wa ligi chaka chimenecho pansi pa mphunzitsi wake a Chisi Mbewe, ndi timu ya asilikali a ndege zankhondo. Prison Leopards ndi ya nthambi ya boma yoyang'anira ndende. Kabwe Warriors inakulira m'manja mwa kampani ya njanji. Wopambana, wophonya chikho ndi wotsitsidwa, onse atatu amadya kuchokera m'thumba la bungwe limene ntchito yake yeniyeni si mpira.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ligi ya dziko lino. Pa pepala ndi mpikisano wa akatswiri olipidwa. Pabwalo, mapointi amatsatira kwambiri kukhazikika kwa malipiro, ndipo malipirowo amadalira thanzi la olemba ntchito amene ali kumbuyo kwa timu. Palibe mzinda umene umaonetsa zimenezi poyera kuposa Kabwe.

Dzina lolemera

Kwa anthu ambiri m'Zambia, dzina la Mukobeko silikumbutsa mpira. Ndi kumene kuli ndende yaikulu ya chitetezo chokhwima, komwe kunkasungidwa akaidi oyembekezera kunyongedwa. Anthu omaliza kulandira chilango chimenechi m'dziko lino ananyongedwa kumeneko mu Januwale 1997. Kumapeto kwa chaka chomwecho, mtsogoleri woyamba wa dziko, malemu a Kenneth Kaunda, anatsekeredwa m'ndende yomweyo kwa masiku angapo, boma litawaganizira kuti anali ndi mbali pa chiwembu chofuna kulanda boma chimene chinalephereka mu Okutobala. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu Disembala 2022.

Koma kunja kwa mpanda wa ndende kuli anthu. Kuli nyumba za ogwira ntchito za ndende ndi mabanja awo, kuli timisika ndi masukulu, kulinso anyamata amene amathamangitsa mpira pafumbi dzuwa likapendeka. Kabwe inakhala likulu la nthambi ya ndende kwa zaka zambiri, choncho n'zosadabwitsa kuti timu ya nthambiyi ili mumzindawu. Mu 2016 nthambiyi inasintha dzina kuchoka ku Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, koma timu yake inalowa mu ligi ya 2023/24 ikudziwikabe ndi dzina lakale lija.

Mnyamata waluso wa ku Mukobeko, ku Bwacha kapena ku Makululu amaona mu timu yotere chinthu chimene timu wamba singamulonjeze. Matimu a yunifolomu amadziwika kuti amalemba ntchito ena mwa osewera awo, kotero kuti bondo likadzatha munthu amakhalabe pa malipiro a boma. Mumzinda umene ntchito zinasowa kalekale, limeneli ndi lonjezo lalikulu. N'chifukwa chake kutsika kwa timu ngati Leopards kumapweteka kupitirira pa ndandanda wa mapointi. Mu ligi yaing'ono masewero saonekanso kawirikawiri pa wailesi ya kanema, ofufuza luso safikako pafupipafupi, ndipo amayi ogulitsa mtedza, chinangwa ndi zakumwa kunja kwa bwalo amataya khamu limene limabwera ndi matimu monga Nkana ndi Power Dynamos.

Matimu 18, eni ake ndani?

Kuti munthu amvetse zimene zinachitika, ayambe wayang'ana ndandanda wa matimu 18 amene anasewera chaka chimenecho, koma awerenge maina a owathandiza m'malo mwa zigoli.

Asanu anali a yunifolomu: Red Arrows, Green Buffaloes ya asilikali a pamtunda, Green Eagles ya Zambia National Service, Nkwazi ya apolisi, ndi Prison Leopards. Asanu ena anali otsamira pa migodi: Nkana, Mufulira Wanderers, Konkola Blades, Kansanshi Dynamos ndi Trident. Kenaka panali ZESCO United ya kampani ya magetsi, NAPSA Stars ya bungwe la penshoni, Forest Rangers ya kampani ya nkhalango ya ZAFFICO, Zanaco ya banki, Power Dynamos ya Copperbelt Energy Corporation, ndi Kabwe Warriors ya Zambia Railways. Matimu awiri okha, MUZA ya ku Mazabuka ndi Mutondo Stars ya ku Kitwe, ndiwo amene analibe bungwe la boma, mgodi kapena kampani yaikulu yowabereka kumsana.

Mapu a ligiyi ndi mapu a njanji ndi migodi. Amayambira ku Choma, kudzera ku Mazabuka, Lusaka ndi Kabwe, n'kukafika ku Copperbelt, kenaka n'kukhotera ku migodi yatsopano ya ku Solwezi ndi Kalumbila. Omvera a kuchigawo cha Kummawa akudziwa bwino tanthauzo la zimenezi, chifukwa mu 2023/24 panalibe timu ndi imodzi yomwe yochokera ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi. Luso lilipo kumeneko, ndipo lakhala likudyetsa matimu a ku Lusaka. Chimene kulibe ndi kampani ya msinkhu wa ZESCO yofuna kunyamula timu chaka ndi chaka.

Mbiri ya akatswiri a ligi ikunenanso zomwezo. Kuyambira 1988 kufika 2001, ukatswiri sunatuluke m'chigawo cha Copperbelt: unkangozungulira pakati pa Nkana, Power Dynamos, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers. Kampani ya boma ya migodi ya ZCCM itagulitsidwa, ntchito imene inamalizika m'chaka cha 2000, mphamvu zinasamuka. Pa mipikisano 24 ya ligi imene inachitika kuyambira 2002 kufika 2024/25, ZESCO United inapambana kasanu ndi kanayi, Zanaco kasanu ndi kawiri, Red Arrows katatu, Power Dynamos katatu ndipo Nkana kawiri. Matimu asanu okha m'zaka zoposa makumi awiri, ndipo awiri otsogola ndi a magetsi ndi banki.

Zotere si za ku Zambia kokha. Ku Malawi, Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya boma, Blue Eagles ndi ya apolisi, ndipo Kamuzu Barracks ya asilikali inatenga ligi ya kumeneko mu 2016. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Zambia ngakhale matimu a khamu lalikulu la ochemerera amapumira m'mphuno za makampani.

Chaka cha 1972

Pa mbiri yonse ya ligiyi kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1962 kufika mu 2025, timu imodzi yokha ya kunja kwa Lusaka ndi Copperbelt ndiyo inakhalapo katswiri. Timuyo ndi Kabwe Warriors, ndipo inachita zimenezi kasanu: mu 1968, 1970, 1971, 1972 ndi 1987.

Okalamba a mumzindawu akamakamba za mpira, nkhani imathera pa 1972. M'chaka chimenecho Warriors inasesa zonse zimene zinalipo: ligi, chikho cha Castle, chikho cha Chibuku, chikho cha Challenge ndi Charity Shield. Kutsogolo kunali malemu Godfrey Chitalu, mothandizana ndi osewera monga Boniface Simutowe. Chitalu, amene anabadwira ku Luanshya mu 1947 ndipo anabwera ku Kabwe kuchokera ku Kitwe United, anamwetsa zigoli 107 m'nyengo imeneyo. Chiwerengerochi sichiphatikizapo zigoli zisanu ndi zinayi zimene anagoletsa kumayambiriro kwa chaka m'masewero awiri olimbana ndi Majantja ya ku Lesotho, mumpikisano wa matimu akatswiri a mu Africa. Zisanu ndi ziwiri mwa izo zinalowa tsiku limodzi ku Ndola, pamene Warriors inapambana 9 kwa 0. Muulutsi wotchuka wa mpira pa wailesi, malemu a Dennis Liwewe, omwe anabadwira ku Malawi, ndiwo anamutcha Ucar, dzina la mabatire amene ankadziwika kuti sathera msanga.

Dziko lapansi linadzamva za zigolizi patapita zaka makumi anayi. Mu Disembala 2012, Lionel Messi atapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa mu 1972, bungwe la FAZ linakumbutsa anthu kuti m'chaka chomwecho munthu wina ku Kabwe anamwetsa zoposa pamenepo. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a maiko, choncho silingatsimikizire za Chitalu kapena za wina aliyense. Bwalo la Railway, kwawo kwa Warriors, tsopano limatchedwa ndi dzina la katswiriyu.

Chimene chimaiwalika pokamba za 1972 ndi mzinda umene unali kumbuyo kwa timuyo. Kabwe, yomwe kale inkatchedwa Broken Hill, inamangidwa pa zinthu ziwiri: mgodi wa mtovu ndi zinki, ndi njanji imene inafika kumeneko mu 1906. Dziko litalandira ufulu, likulu la Zambia Railways ndi malo ake okonzera sitima anaikidwa mumzindawu. Kampani yotere inkatha kuitana wosewera wabwino kuchokera ku Kitwe kapena ku Luanshya, n'kumupatsa ntchito, nyumba ndi bwalo lochitira masewera olimbitsa thupi. Ochemerera nawo anali anthu olandira malipiro kumapeto kwa mwezi. Zigoli 107 zinatuluka m'miyendo ya munthu mmodzi, koma amene anamusunga munthuyo ku Kabwe ndi njanji.

Ndipo timu imene inalanda ukatswiri kwa Warriors mu 1973 inali ya asilikali, yomwe pambuyo pake inatchedwa Green Buffaloes. Mpikisano wa pakati pa makampani ndi yunifolomu, umene unaonekanso m'ndime yomaliza ya chikho cha ABSA mu 2024, unayamba kale.

Chikho ndi masana anayi, ligi ndi miyezi khumi

Zimene zinachitikira Kabwe pambuyo pake n'zodziwika. Pa 27 Epulo 1993, ndege imene inanyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, n'kupha anthu onse 30 amene anali m'menemo. Chitalu, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa timu ya dziko, anafera pangoziyo pamodzi ndi osewera a Warriors, Richard Mwanza ndi Whiteson Changwe. Chaka chotsatira mgodi unatsekedwa, n'kusiya anthu opanda ntchito ndi dothi loipitsidwa ndi mtovu m'madera monga Kasanda ndi Chowa. Mu 2003 njanji inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia, ndipo boma linailandanso mu 2012. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007.

M'zaka zovutazi Warriors sinafe. Inatenga chikho cha BP Top Eight mu 2002, 2003, 2005 ndi 2007, chikho cha Mosi mu 2003, ndi cha Coca-Cola mu 2006. Koma ligi sinabwerenso, ndipo m'zaka za m'ma 2010 timuyi inatsitsidwa kawiri isanakhazikikenso.

Kusiyana kwa chikho ndi ligi ndiko kumafotokoza mbiri imeneyi. Chikho chimafuna masana atatu kapena anayi amene zonse zayenda bwino: goloboyi wadzuka ndi mwayi, khamu laimba, mdani waphonya penate. Timu ya mbiri ndi ya ochemerera ambiri ingathe kuchita zimenezo ngakhale m'thumba muli mopepuka. Ligi ndi masewero 34. Imafuna osewera okwanira kuti wina akavulala alowe wina wofanana naye, imafuna basi yodalirika, malo ogona abwino paulendo wa ku Solwezi kapena ku Choma, ndi malipiro amene amafika pa tsiku lake mwezi uliwonse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma kudumphako kumafuna kuti m'mimba musakhale mopanda kanthu.

Kuyambira 2019, pamene Zambia inasintha kalendala yake kuti igwirizane ndi ya bungwe la CAF, ligi imayamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi kapena Juni. Izi zikutanthauza kuti pakati penipeni pa mpikisano pamagwera m'dzinja. Mabwalo amalowa matope, osewera amavulala kwambiri, ndipo timu yokhala ndi osewera ochepa imayamba kupepera mvula ikafika pachimake. Kusinthaku kunathandiza matimu oyimira dziko kunja, koma kunakulitsanso mpata pakati pa okhuta ndi anjala.

Warriors ya 2023/24, pansi pa mphunzitsi a Mumamba Numba, inali timu yolemekezeka. A Numba amaidziwa njira ya ku ukatswiri, popeza ndiwo anatsogolera ZESCO United potenga ligi ya 2020/21, chaka chomwe Warriors inamaliza pa nambala yachinayi n'kupeza mwayi wosewera mumpikisano wa CAF Confederation Cup. Kufika m'ndime yomaliza ya chikho cha ABSA kunali kupambana ndithu. Komabe kunatsatira njira yomweyo ya zaka za m'ma 2000: timu yokwanira kuopseza aliyense pa tsiku limodzi, yosakwanira kupikisana miyezi khumi ndi amene ali pamwamba.

Yunifolomu payokha sigoletsa

Wina angafunse kuti, ngati chinsinsi ndi malipiro a boma, Leopards inatsikiranji pamene Red Arrows inasenza zikho ziwiri? Funsoli n'loyenera, ndipo likuonetsa malire a mfundoyi. Thumba la bungwe limathandiza timu kukhalapo, koma silitsimikiza ukatswiri. Green Buffaloes, yomwe inapambana ligi kasanu ndi kamodzi, inaitenga komaliza mu 1981. Zanaco, ndi banki yonse kumbuyo kwake, inaitenga komaliza mu 2016.

Chimene Red Arrows inali nacho ndi kukhazikika. A Mbewe ndiwo anaitsogolera potenga ligi ya 2021/22, ndipo anali akadali pampando womwewo mu 2023/24. Timu imene imasunga mphunzitsi ndi msana wa osewera ake kwa zaka zingapo imakhala itayamba kale ulendo anzake akumanga nsapato. Mphamvu imeneyi inaonekanso kunja kwa dziko. Mu Julayi 2024 Arrows inatenga chikho cha CECAFA Kagame ku Dar es Salaam itagonjetsa APR ya ku Rwanda pa mapenate, kenaka inatulutsa Nyasa Big Bullets ya ku Malawi mumpikisano wa CAF Champions League, isanatulutsidwe ndi TP Mazembe ya ku Congo.

Leopards yayenda njira ina. Inasewera mu ligi yaifupi ya 2019, yomwe inagawidwa m'magulu awiri, n'kutsika. Inabwerera mu 2020 ndipo inadabwitsa anthu: ligi ya 2020/21 itafika pakati inali pakati pa matimu apamwamba, mpaka inalowa m'chikho cha ABSA. Mphunzitsi wake panthawiyo anali a Mwenya Chipepo. Patangopita zaka ziwiri, a Chipepo anakweza chikho cha ligi ya 2022/23, koma ali ndi Power Dynamos ku Kitwe. Umu ndi mmene zimakhalira ndi matimu apakati: akachita bwino amasanduka nazale ya matimu olemera, ndipo chaka chotsatira amayambiranso pansi.

Palinso nkhani ya bajeti. Mabungwe a yunifolomu safanana kukula kwa thumba. Nthambi ya ndende ili ndi udindo wodyetsa, kuveka ndi kuchiza akaidi m'ndende zimene zadziwika kwa zaka zambiri kuti n'zodzaza mopitirira muyeso. Mkulu aliyense woganiza bwino akaika pa sikelo ufa wa akaidi ndi ndalama yogulira womwetsa zigoli, amadziwa kumene sikelo iyenera kupendekera. Palibe amene angamudzudzule pa zimenezo. Koma zotsatira zake zimaoneka pabwalo.

Ndipo pali chinthu china chimene ndalama za boma sizigula, chomwe ndi mtima wa mzinda. Kabwe ndi ya Warriors. Mwana amene agogo ake anaonerera Chitalu pa bwalo la Railway sasintha timu chifukwa choti bambo ake alembedwa ntchito ku Mukobeko. Matimu a yunifolomu m'dziko lonse amavutika kudzaza mabwalo, ndipo bwalo lopanda phokoso silithandiza timu imene ikulimbana ndi nkhwangwa m'masabata omaliza. Kabwe ili ndi timu imodzi ya khamu ndi mbiri, ndi ina ya ntchito zokhazikika. Zinthu ziwirizi zikanakhala m'nyumba imodzi, nkhani ikanakhala ina.

Nkhwangwa ya matimu anayi

Malamulo a ligi nawo ali ndi mbali. Kutsitsa matimu anayi mwa 18 ndi nkhwangwa yaikulu. Ku England amatsitsa atatu mwa 20. Ku South Africa, mwa matimu 16, imodzi yokha ndiyo imatsika mwachindunji, ndipo ina imapatsidwa mwayi wodzipulumutsa m'masewero apadera. Ku Zambia, pafupifupi timu imodzi mwa zisanu zilizonse imachoka chaka ndi chaka.

Oikira kumbuyo dongosololi amati limapatsa mpata matimu atsopano ndipo limachititsa kuti masewero akumunsi akhale ndi moto mpaka tsiku lomaliza. Zimenezo n'zoona. Koma zimene zinachitika m'zaka ziwirizi zikusonyeza kuti ambiri mwa okwera ndi otsika ndi omwewomwewo. Mwa matimu anayi amene anakwera kulowa mu ligi ya 2023/24, awiri, Konkola Blades ndi Trident, anabwerera komwe anachokera chaka chomwecho, pamodzi ndi Prison Leopards ndi Kansanshi Dynamos. Mu 2025, atatu mwa anayi otsikawa, Leopards, Konkola ndi Kansanshi, anakweranso. Ndi olemera kwambiri kuti akhalitse mu ligi yaing'ono, koma osakhwima mokwanira kuti akhazikike mu yaikulu.

Mantha a nkhwangwa ali ndi mtengo wake. Komiti imene ikuona timu yake ikuyandikira kumunsi imachotsa mphunzitsi mofulumira. Mphunzitsi amene akudziwa kuti masewero asanu oipa angamuchotsetse ntchito saika pabwalo mnyamata wa zaka 18, amasankha wamkulu amene wazungulira kale matimu asanu. Wotayika pamenepa ndi mnyamata uja wa ku Mukobeko.

Njira ya anthu wamba

Kodi pali njira ina kupatula kutsamira pa bungwe lalikulu? Kabwe inayesapo. Timu ya Kabwe Youth Soccer Academy, yodziwika kuti KYSA, inakwera kawiri kulowa mu ligi yaikulu, mu 2018 ndi mu 2019/20, ndipo maulendo onse awiri inatsika chaka chomwecho. Kwina, matimu a eni ake a ndalama zawo anawala kwa kanthawi. Buildcon inagwedeza ligi pogula osewera ambiri akunja cha m'ma 2017, koma inatsika mu 2023. Lusaka Dynamos inatenga chikho cha ABSA mu 2021, n'kutsika chaka chotsatira. Timu ya munthu mmodzi imayenda bwino malinga ngati bizinesi ya mwini wake ikuyenda bwino.

MUZA ndiyo yasonyeza kuti n'zotheka kukhalitsa. Timuyi, yomwe inakhazikitsidwa ndi loya a Keith Mweemba, inamaliza yachiwiri mu ligi ya 2022/23, patsogolo pa matimu a mabanki, migodi ndi asilikali, podalira kwambiri osewera achinyamata. Koma chitsanzo chimodzi sichinasinthe chithunzi chonse.

Chaka cha 2023/24 chinalinso choyamba pamene ligi inayendetsedwa ndi bungwe lakelake, la Zambian Premier League, m'malo moyendetsedwa mwachindunji ndi FAZ. Cholinga cha kusinthaku n'chomveka: ligi igulitsidwe ngati malonda, ndalama za othandiza monga MTN ndi za maufulu oonetsa masewero pa kanema zikule, ndipo zifike ku matimu. Muyeso wa kupambana kwa bungweli suyenera kukhala maonekedwe a mwambo wopereka mphoto. Uyenera kukhala wakuti, kodi gawo limene timu yaing'ono imalandira lingathe kulipira osewera miyezi ingati popanda kugogoda pa khomo la kampani kapena la unduna? Ndalama za pakhomo la bwalo pazokha sizinakwanitsepo zimenezo kwa matimu ambiri.

Mu Meyi 2025, nthumwi za mpira zinakumana ku Kabwe komweko n'kusankha a Mweemba kukhala mtsogoleri wa FAZ, kulowa m'malo mwa a Andrew Kamanga omwe anatsogolera bungweli kuyambira 2016. Munthu amene anamanga timu popanda mgodi kapena yunifolomu kumbuyo kwake anapatsidwa udindo woyang'anira mpira wa dziko lonse, ndipo amadziwa kuchokera m'thumba lake mtengo wa basi ya ku Solwezi. Eni matimu ang'onoang'ono ali ndi chifukwa chomufunsa zambiri kuposa mmene anafunsira amene analipo kale.

Kwa anthu a ku Kabwe, mafunso ndi apafupi. Zambia Railways inalandira madola a ku America okwana 120 miliyoni kuchokera ku ngongole imene boma linatenga mu 2012, koma njanji sinabwerere pa ulemerero wa zaka za m'ma 1970, ndipo katundu wambiri wolemera amadutsa mumzindawu pa malole mumsewu wa Great North. Ngati Warriors ikufuna ligi yachisanu ndi chimodzi, iyenera kupeza ndalama zoonjezera pa za njanji, ndipo chuma chimene ili nacho chomwe matimu a yunifolomu alibe ndi khamu lake. Khamulo lingasanduke ndalama kudzera m'makadi a umembala, malonda a majezi ndi bwalo limene munthu angapiteko ndi banja lake mosaopa. Leopards nayo, pobwerera mu 2025, inapeza ligi ya matimu 18 yomwe ija, masewero 34 omwe aja, ndi malo anayi akumunsi akudikira eni ake.